Tagi Imene Sindinaike

Ndikukumbukira tsiku limene ndinalira pamaso pa kompyuta ku sukulu yathu ya ku Katete, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinali nditalemba kapulogalamu kouza mlimi kuchuluka kwa mbewu ya mtedza yokwanira munda wake, ndipo ndinasankhidwa kukakaonetsa pa mpikisano ku Chipata.

Kutatsala sabata, kapulogalamuko kakugwira bwino, aphunzitsi athu a Madamu Zulu anati, "Tisaine, ika tagi apa, chizindikiro choti uzitha kubwerera pamene ntchito ili bwino. Tagi ili ngati chikhomo cha m'malire a munda, siyenda. Zatsopano uziyesera pa nthambi, kanjira kapambali ka ntchito yomweyi."

Koma ine, podzimva kuti nzeru ndazitha, ndinangotsegula nthambi n'kuitcha "yomaliza". Ndinkati dzina ndi dzina basi. Ndinapitiriza kukongoletsa zinthu pomwepo, osadziwa kuti nthambi imayenda nawe: ukasunga chatsopano, dzina lija limasamukira pamenepo.

M'mawa wa ulendo kapulogalamu kanakana kutseguka. Ndinathamangira ku "yomaliza", n'kupeza zowonongeka zomwezo. Mbiri ya zonse zimene ndinasintha inalipo, koma mzere uliwonse ndinali nditaulemba mofanana: "ndakonza", "ndakonza", "ndakonzanso". Wabwino unali uti? Ndinayamba kutsegula umodziumodzi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Panja minibasi yotitengera ku Chipata inkaliza hutala. Pawindo ndinkawaona atate, amene anapalasa njinga kuchokera ku Mkaika kudzanditsanzika.

"Madamu, chonde, auzeni adikireko pang'ono chabe!"

"Tadikira kale, mwana wanga. Manje anzako achedwa."

Ndinagwada, ndinawagwira chitenje, koma minibasi inanyamuka popanda ine. Mtima unandiwawa koopsa.

Mzere wabwino uja ndinaupeza dzuwa lili paliwombo. Kapulogalamu kanatseguka bwinobwino, m'kalasi muli ine ndi atate okha.

"Ndiye kuti chinthuchi chinalipo nthawi yonseyi?" anafunsa atate.

"Chinalipo, atate."

"Nanga chinasowa n'chiyani?"

Ndinangolira.

Lero kulemba mapulogalamu ndiyo ntchito yanga, ndipo chilichonse chikagwira bwino ndimayamba ndaika tagi ndisanakhudze china. Yankho la funso la atate ndikulidziwa tsopano. Palibe chimene chinasowa. Ntchito yanga inali yabwino kale, koma sindinaime n'kuvomereza kuti apa yakwana. Atate anabwerera ku Mkaika masana a tsiku lija akukankha njinga, ine ndikutsatira pambuyo ndi chikwama cha ulendo.