Mitengero imene Doña Leonilde sanaione

Doña Leonilde Cifuentes ali ndi zaka 71. Ndi mkazi wa mlimi wa khofi kuno ku Pitalito, ndipo ndiwo analemba pulogalamu ya kompyuta imene imachenjeza alimi a bungwe lathu za matenda a m'munda.

Pulogalamuyo imayendera malamulo. Alangizi akalemba zimene aona, lamulo limayankha: ngati masamba agwidwa dzimbiri ndipo mvula yachuluka, mlimi apopere mankhwala sabata yomweyo. Anailemba zaka makumi awiri zapitazo. Palibe wina amene amaidziwa m'kati mwake.

Chaka chatha alangizi anasiya mapepala n'kuyamba kutumiza malipoti pa foni. Pulogalamu inangoti zii. Malipoti a dzimbiri ankalowa, chenjezo osatuluka. Komiti ya bungwe inapatsa Doña Leonilde mpaka Lachisanu kuti aikonze. Zikakanika, pulogalamu itayidwe, iwo akapume.

Anakhala pa kompyuta masiku atatu. Mawu a m'lipoti ndi a m'lamulo anali amodzimodzi: roya, dzina la dzimbirilo. Chimene sanauze komiti n'chakuti maso awo anali atachita ng'ala.

Lachinayi m'mawa amuna awo, Don Abelardo, anawabweretsera khofi ndi arepa, chikondamoyo cha kwathu kuno. Bamboyu sanagwirepo kompyuta chibadwire.

"Mayi, mphuno yafika pa galasitu. Mukununkhiza?"

"Tachokani apa, mdala inu. Khofi wanu akukudikirani kumunda."

"Sunthani ndikuwerengereni. Maso angawa amaona kachirombo m'njere ya khofi."

Bamboyo anakhala pansi, nayamba kuwerenga mokweza, chala chili pa galasi, liwu limodzilimodzi. Atafika pa lipoti anaima.

"Roya. Koma iyi ili ndi tinsabwe. Tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo."

"Tinsabwe totani?"

"Pamwamba apa. Ya m'lamulo mwanu ija ilibe."

Doña Leonilde anagwira dzanja la amuna awo, osalisiya msanga. Tinsabweto tinali mitengero, zizindikiro zotsekera mawu zija. M'chinenero cha kompyuta chimene analembera pulogalamuyo, mawu osatsekeredwa ndi dzina la chinthu, pomwe mawu a m'mitengero ndi zolembedwa chabe. Kompyuta siziyesa chinthu chimodzi ngakhale zilembo zifanane. Foni inkaika mitengero pa mawu alionse.

"Zaka makumi anayi ndili nanu," anatero mayiwo, "lero ndiye mwagwirako ntchito."

"Imwani khofiyo, wazizira."

Mayiwo analemba mizere isanu mu pulogalamuyo, osayang'ana zala. Inkalamula kuti mbali zonse ziwiri zisanduke zolembedwa zisanayerekezedwe. Don Abelardo anawerenga mzere uliwonse mokweza, kuphatikizapo kadontho kalikonse, ndipo anapezamo zolakwika ziwiri. Masana asanakwane, chenjezo linali litapita ku minda 36.

Lachisanu anaonetsa komiti ntchitoyo. Atatero anawauzanso za maso. Komiti inasunga pulogalamu, n'kusankha mlangizi mmodzi kuti aziphunzira kwa iwo kawiri pa sabata.

Diso lamanzere analichita opaleshoni kuchipatala cha ku Neiva mu Epulo. Lamanja likudikira.