Tsiku Lomwe Tinaboola Ndowa Yanga Yatsopano

"Kodi amake mwana, ndowa yatsopanoyo mwaboola dala?" Anandifunsa choncho aneba athu, atasuzumira pampanda, dengu la usipa lili pamutu. Ndinalephera kuwayankha chifukwa cha phwete.

Zinayamba chonchi. Mng'ono wanga wa ku yunivesite anabwera kwathu ku Chipoka patchuthi ali khuma. Aphunzitsi anamubwezera ntchito yake kuti aikonze pofika Lolemba, apo ayi abwereza chaka. Tsiku lonse maso ali pakompyuta, kudya osakufuna.

Ndinamuuza kuti andifotokozere ngati akuuza mwana, poti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Anati m'thupi mwathu muli kaulusi kotchedwa DNA, kamene kamasunga za kumtundu, monga mphuno ya bambo athu yomwe tonse tinatengera. Kaulusiko asayansi amakaviika m'madzi amchere, ndiye magetsi amakakoka kuti kadutse pakabowo kosaoneka ndi maso. Kakamadutsa kamatchinga njira, magetsi n'kutsika pang'ono, makina n'kulemba. Ntchito yake inali yoyerekezera zonsezi pakompyuta.

"Masamu anga akuti magetsi azitsika mofanana nthawi zonse," anatero. "Koma pamakina enieni nthawi zina akutsika mowirikiza kawiri."

Anandionetsa chithunzi chake: kaulusi kowongoka bwinobwino, kolowa ndi mutu ngati mwana wasukulu pamzere.

"Iwe, unayamba waonapo ulusi waulemu chonchi?" ndinamufunsa. "Ine ndimasoka maukonde a bambo a mwanayu. Ulusi wautali umalowa mmene wafunira."

Sanandikhulupirire. Basi ndinatentha msomali n'kuboola ndowa pansi. Iye anaumirira kuti madzi akhale amchere kuti zifanane, ndiye tinakhuthuliramo paketi yonse ya mchere. Ulusi wa ukonde unali utatha, ndiye tinamasula chipewa choluka cha mwana, n'kuduladula ulusiwo, n'kuponya m'ndowamo. Madzi othamangira pabowo ndiwo anali magetsi athu.

Kachidutswa koyamba kanalowa ndi mutu. Mng'ono wanga anandiyang'ana cham'mbali, monyada. Kachiwiri kanazungulira, kuzunguliranso, kenako kanalowa chopinda pakati, mbali ziwiri nthawi imodzi, madzi n'kuyamba kungodontha.

"Achemwali, kapinda! Katchinga kawiri!" Analumpha, n'kugunda ndowa, madzi onse pachitenje changa. Tinabwereza, kupita kumjigo ndi kupitanso, tikuchemerera ulusi ngati tili ku mpira. Mwana kumsana ankangoseka nawo osadziwa kanthu. Ndi pamene aneba aja anasuzumira.

"Tikuphunzira za magetsi," ndinawayankha mpweya utabwerera.

"Magetsi a m'ndowa? Mudzandiuze tsiku loyatsa, ndidzabweretse foni yanga."

Mng'ono wanga anandichenjeza kuti madzi si magetsi ayi, ndisamakanamize anthu kumjigo, koma kupindako n'komweko. Anatha masiku awiri akuphunzitsa ulusi wa pakompyuta kupinda, ine ndikumuikira tiyi pambali ndi kuthamangitsa nkhuku. Lolemba m'mawa anatumiza. Chaka sanabwereze.

Bowo lija ndinayesa kulimata ndi pulasitiki wosungunula, koma ndowayo imadonthabe, pano ndimasungiramo chinangwa. Zomwe zinapita ndi izi: ndowa imodzi, mchere wa mwezi wonse, ndi chipewa chimene mwanayu anamulukira apongozi anga, omwe mpaka lero amadziwa kuti chinagwera m'minibasi ya ku Salima.