Khungu la Mkuwa

Kanali kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati chala changa, kakuthwa mbali imodzi. Kankagona pa thonje m'thireyi, pamodzi ndi tinzake, pa tebulo la Aphunzitsi ku Hillhead. Mpaka lero ndikaona mpope wachita ndere, ndimayamba ndayang'ana pamene pali mwana wanga.

Inali nyengo yozizira ija mdima umagwa ana akungoweruka kumene. Tinkakhala m'dziko la azungu, ku Maryhill pafupi ndi ngalande, ine ndi Amayi, chipinda chimodzi. Amayi ankakonza m'nyumba za anthu, ndipo Loweruka ankanditenga poti kunalibe wondisiyira. Aphunzitsiwo anali mzungu wokalamba, wopuma ntchito ku yunivesite. Dzina lawo linkawavuta Amayi, ndiye anangoti Aphunzitsi, basi linakhazikika.

M'chipinda mwawo munkanunkha mapepala akale ndi hita. Ankakhala chowerama pa galasi lokulitsa zinthu, kamtengo ngati kotokosera m'mano kudzanja, kaburashi kofewa pambali. Ankachotsa dothi lokha, pang'onopang'ono, tsiku lonse malo osakwana chikhadabo. Ankandiitana kuti ndione. Aka ndi kamlomo ka nkhwangwa, ona kupindika kwake. Aka kanathyoka ku lupanga, ona mzere wa pakatiwu. Ka lupangako ndi kamene ndinkati kanga. Ankati ndi mkuwa, unakhala m'nthaka zaka zikwi, ndipo zobiriwirazo ndi khungu lake, ndi mmene muli zizindikiro za amene anasula. Nthawi imeneyo Amayi amakhala ali kubafa, akukolopa.

Akamadutsa ndi ndowa ankangopukusa mutu. "Munthu wophunzira chonchi, kusunga ndere m'nyumba? Akusowa mkazi awa." Kwathu ku Dedza, ankatero, mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto wake. Mapoto athu ankawakwecha mpaka umadziona nkhope.

Ndiye Aphunzitsi anagwa pamasitepe, n'kuwagoneka kuchipatala. Amayi anali ndi kiyi. Anawamvera chisoni kwambiri, poti ndi okhawo ankawapatsa tiyi atakhala pampando ngati mlendo. Anati wodwala sabwerera m'nyumba ya litsiro. Anachapa makatani, kupukuta mawindo, kenaka ananyamula thireyi ija kupita nayo kusinki. Mandimu, mchere, sitiliwulu. Munali m'kati mwa sabata, ine ndili kusukulu. Loweruka anandionetsa monyadira, tizidutswa tonse tayalidwa pa thaulo, tikuwala ngati ndolo. Tina tinanyenyekera m'manja mwawo, zinyenyeswazo anasunga m'sosala. Ine ndinaomba m'manja, ndisaname, tinali tokongola. Koma kanga kaja sindinakazindikire. Mzere uja kunalibe, lupanga ndi nkhwangwa zinangofanana.

Aphunzitsi atatuluka sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Anakhala pansi ndi ndodo yawo, kutola kamodzi, kukatembenuza, kukatembenuzanso, misozi n'kumalowa m'ndevu. Amayi atagwada pakapeti ankangoti, "Ndimati ndithandize, bambo. Ndimati ndithandize."

Kodi si tizidutswato sitinali tawo, anachita kubwereka kumalo osungira zinthu zakale kuti atifufuze. Mwana wawo wamkazi ndiye anayamba kuimba mafoni, wokonza m'nyumbayu ndani, anabwera bwanji, ali ndi mapepala? Mapepala a Amayi okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale. Zimenezi ndadziwa ndili wamkulu.

Amalume anabwera kuchokera ku Gorbals, osavula ndi jekete lomwe. "Achemwali, kuno si kwathu. Kuno chinthu chikawala, anthu amachiona."

Kuyambira pamenepo Amayi anasiya kuyatsa getsi. Galimoto ikaima panja, ankasuzumira pakatani, chala pakamwa. Ndi mmene ndimachitira ine lero, mwana ali kumsana, poti mapepala anganso sanayankhidwe, ndipo m'nyumba zimene ndimakonza sindikhudza kanthu ndisanafunse kawiri, ngakhale supuni yakuda. Amayi anawaitana ku ofesi yoona za alendo, ndipo kumeneko sanabwereko, anawakweza ndege yobwerera kwathu. Sukulu yanga inathera kupulayimale, ndinakulira kulera ana a Amalume, kusamukasamuka. Nkhalamba ija sindiida. Nayonso inataya chinthu chosabwerera. Koma mkuwa uja unali wa anthu akufa kalekale, pamene ine ndinali moyo.

M'mawa wa tsiku la ku ofesilo Amayi anandidzutsa n'kundiika m'bafa. Anandikwecha zidendene ndi mwala umene anachoka nawo kumudzi, m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka ndinalira. Anandidzoza mafuta nkhope yonse mbee, n'kundiveka diresi la kutchalitchi. "Asakanene kuti mwana wa uje ndi wauve," anatero, akumanga riboni.

M'basi yopita ku Gorbals kwa Amalume ndinkadziyang'ana pawindo, ndikuwala, ndikusangalala. Ndinkangodabwa kuti phwando la ndani limeneli la m'kati mwa sabata, nanga bwanji m'chikwama chimene Amayi afukata muli zovala zanga zokha.