Zilembo za Abambo pa Kafoni Kawo

Abambo anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi anayamba kulemba mbiri ya mpingo wa kwathu, kufupi ndi Nambuma. Anadzaza makope asanu. Munali amene anaumba njerwa za tchalitchi, amene ankazemba ntchito n'kudzatulukira tsiku la phwando, ndi chaka chimene mphepo inasasula denga. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina ku Nsaru, ndipo m'banja mwathu za makompyuta zinali zanga. Ndine amene ndinataipa makope onsewo, miyezi itatu yathunthu, n'kuwaika pa tsamba la pa intaneti kuti ana a mpingo okhala kutali aziwerenga.

Tsambalo ndinaliyeza ndi mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono ta pa sikirini. Ndinawerenga m'lifupi mwa kompyuta yaikulu ya kusukulu, n'kulamula kuti tsamba likhale lotambalala chimodzimodzi, zilembo zikhale zazikulu mwakuti, basi, zisasunthe. Pa kompyuta imeneyo linkakongola zedi. Nthawi ya buleki ndinkalitsegula popanda chifukwa, kungofuna kuliyang'ana.

Koma abambo alibe kompyuta. Ali ndi kafoni kosadzaza n'chikhatho chomwe, ndipo maso awo ndi otopa. Pa kafonipo tsamba langa lonse linkafinyika, zilembo ngati nyerere. Akakulitsa ndi zala, mzere unkathawira kumbali. Ankakokera kumanja, kukokera kumanzere, mpaka kusokonezeka pamene analekezera. Ine ndinawauza kuti vuto ndi foni yawo. Anakhulupirira, poti katswiri ndinali ine.

Choncho Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakhala m'chigafa cha fodya, ine n'kumawawerengera zimene analemba okha. Ankatsinzina, n'kumagwedeza mutu. "Pamenepo ndiye ndinalemba bwino, eti?" Wodutsa aliyense ankamuimitsa. "Mwana wangayu wandiika pa intaneti." Abambo si munthu woyamikira wamba. Ndili mwana ndikakhala nambala thu m'kalasi ankangofunsa kuti woyambayo ndi mwana wa yani. Ndinali nditadikira zaka zambiri kuti ndimve mawu otere, ndipo ankanditsekemera.

Kenako mlongo wanga, chitsirizira m'banja mwathu, anabwera kuchokera ku tauni nthawi yothothola mtedza. Iyeyu ndinamuphunzitsa ndine kugwira mausi ya kompyuta, koma tsopano ntchito yake ndi yomweyi yopanga masamba. Anatenga kafoni ka abambo, n'kuyang'ana, n'kuseka pang'ono.

"Achimwene, mwayeza ndi mapikiselo kodi?"

"Nanga ukanayeza ndi chiyani, mapazi?"

"Pikiselo ndi suti, achimwene. Imakwana yekhayo amene munamuyeza. M'lifupi muziyeza ndi maperesenti, tsamba lizitenga malo amene lapeza, ngati chitenje. Zilembo muziyeza ndi remu. Remu imatsata kukula kumene mwini foni anasankha. Ababa anasankha zilembo zikuluzikulu, koma tsamba lanu silikuwamvera."

Ndinatsutsa. Ndinati maperesenti amasokoneza zithunzi, ndinati anthu enieni amawerengera pa kompyuta. Iye anangopempha pasiwedi, abambo ali pomwepo, ndiye ndikanakana bwanji? Anatsegula laputopu yake pamwamba pa thumba la mtedza. Sipanathe ndi ola lomwe.

Abambo anavala magalasi, n'kusendeza kafoniko kumaso. Zilembo zinali zitakula, mizere ikupindika yokha n'kukwana pa sikirini. Anawerenga ndime yonse mokweza osakoka kumbali ngakhale kamodzi. Atamaliza anayang'ana mlongo wanga nthawi yaitali.

"Zoonadi, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero.

Ndinaseka nawo, koma mtima unali kuwira. Mlendo wake uti, mwana woti ndinkamubereka kumsana? Miyezi itatu ine ndikulimbana ndi malembedwe awo opendama, iye ola limodzi, kalumo kakhala kake. Lamulungu lotsatira iye anali atabwerera ku tauni, koma pabwalo la tchalitchi nkhani inali ya iye yekha. Amayi a mvano ankapatsirana foni, kufufuza mayina a agogo awo, ndipo abambo ankauza aliyense kuti mtsikana uja ali ndi mutu. Nditafika kunyumba ndinawapeza m'chigafa akuwerenga okha.

"Khala apo, ndimalize kaye apa," anatero osadzutsa mutu.

Ndinakhala. Ndinathothola mtedza lichero lonse, iwo osandifuna. Inali nsanje, palibe dzina lina, ndipo inkandidya ngati anankafumbwe. Ndinkachitira nsanje mlongo wanga, ndinkachitira nsanje ngakhale kafoni komweko.

Lachitatu, nthawi ya buleki, ndinatsegula tsamba lija kusukulu. Zimene mlongo wanga anakonza ndinazisunga padera, n'kubwezeretsa mapikiselo anga onse. Ndinkadziuza kuti ndikungoyesa. Chimene ndinkafuna n'chakuti abambo aimbe foni, anene kuti za mtsikana uja zaonongeka, bwera udzandiwerengere. Ndinadikira Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Sanaimbe.

Lamulungu ku tchalitchi sanatsegule buku la nyimbo. Kunyumba anakhala m'chigafa manja ali pamaondo, kafoni kosaoneka.

"Foni ili kuti, ababa?"

"Ili m'kabati. Maso anga apita, mwanawe. Chiyambire Lachitatu zilembo zija zabwereranso kukhala nyerere. Mlongo wako anakonza bwinobwino, tonse tinaona. Ndiye si tsamba ayi, ndine."

Ndinati mwina ndi netiweki. Anapukusa mutu. Ndinafunsa ngati ndiwawerengere, iwo anati ndileke, afunika azolowere. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope latsopano, lachikuto cholimba, limene anagula ku Kabudula.

"Ndimati ndilembemo za amayi ako ndi anzawo, mmene ankasenzera madzi omangira tchalitchi. Koma wakhungu alemba chiyani? Tenga, ukagwiritse ntchito kusukulu."

Pamenepo ndi pamene ndikananena zoona. Koma ndinaganizira nkhope imene akanandiyang'ana nayo, ndipo ndinachita mantha. Ndinalandira kopelo ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Lolemba ndinafika kusukulu mlonda asanachoke. Ndinabwezera maperesenti ndi maremu a mlongo wanga mmene analili, n'kutsegula tsambalo pa foni yanga, pa ya mphunzitsi mnzanga, ngakhale pa ya mayi wogulitsa zitumbuwa pageti. Ponseponse linkakwana. Ndinaimbira abambo kuti ayesenso. Anayesa, n'kunena kuti inde, lero akuona, Mulungu ngwabwino.

Lamulungu ndinapita nalo kope lija. Nditalipereka kwa abambo, analikankhiranso kwa ine.

"Maso amene athawa kamodzi sachedwa kuthawanso," anatero. "Sindifuna kusiya amayi ako pakati pa tsamba."

Masiku ano amawerenga okha pa kafoni kawo, ndipo amatamabe mlongo wanga. Ine masamba anga onse ndimayeza ndi maperesenti, ngakhale kuti ndikamalemba chizindikiro chake mtima umandilumabe. Kope lija lili m'dirowa yanga ku Nsaru, mulibe ngakhale chilembo chimodzi, ndipo mpaka lero sindinawauze.