Nyimbo ya Thoko inabadwira pa geti

Loweruka ndinaitanidwa ku chinkhoswe ku Namiwawa, kuja mipanda ndi yaitali kuposa nyumba yanga. DJ atangoika "Ndaima Panja", amayi onse anasiya mbale zawo. Mukuidziwa nyimboyi. Ikulira m'minibasi iliyonse ya ku Limbe, pomwe woyimba wake, Thoko, sanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4.

Amene anavina kuposa onse ndi madamu eni nyumba. Nsapato kumanja, maso atatsinzina, akukuwa kolasi: "Tsegula iwe, ndaima panja, kodi wagona?" Atatopa anandiuza kuti mwanayu akumvetsa chisoni, kamnyamata kena kanamuswa mtima akadali wamng'ono choncho. Akuti anamva okha Thokoyo akufotokoza pa wailesi.

Potuluka, amene ananditsegulira geti ndi a Magombo, mlonda wa panyumbapo. Timapemphera limodzi ku Chirimba. Nditawafunsa ngati nawonso anavinako, anaseka mpaka kutsamira khoma, kenaka anandinong'oneza kuti Thoko ndi mwana wawo wachiwiri.

Chaka chatha a Magombo anadwala malungo koma ankapitabe kuntchito, ndiye Thoko akaweruka kusukulu ankawapititsira tiyi m'fulasiki. Tsiku lina madamu anafika pa galimoto a Magombo akulimbana ndi kudzuka. Hutala inalira, galasi linatsika, mawu a m'kolasi aja n'kutuluka. "Iwe" kwa bambo wa imvi, mwana wawo ali pomwepo. Thoko anafika kunyumba akung'ung'udza kanyimbo, ndipo mnzake wa kukwaya amene ali ndi kasitudiyo ku Mpingwe anamaliza zotsalazo.

Nanga kamnyamata ka pa wailesi kaja?

"Kameneko tinachita kupangana kunyumba," anatero a Magombo. "Akanena zoona, ine ntchito ina ndikaipeza kuti?"

Ndinaseka njira yonse, koma pofika ku Chirimba chiseko chinali chitachepa. Mtsikana akaimba, ife timathamangira kufunsa dzina la chibwenzi. Sitiganiza kuti mwana angawawidwe mtima ndi zina, monga kumva bambo ake akuitanidwa ngati kamwana. Ndipo mawu athu sitiwazindikira. Timalalatira mlonda, wantchito wa m'nyumba, kondakitala, mawuwo akabwerera atavala ng'oma ndi gitala timati koma ana a masiku ano ali ndi luso.

Ndinawafunsa a Magombo ngati ndingalembe nkhaniyi m'nyuzipepala, poti angachotsedwe nayo ntchito. Anayang'ana kunyumba kuja, kumene DJ anali ataibwerezanso nyimboyo.

"Lembani," anatero. "Madamu sawerenga tsamba la Chichewa."

Ndiye ndalemba. Ngati muli anzawo a madamu, chonde musawatanthauzire. Thoko akuti ali mkati mokonza nyimbo yachiwiri, ndipo masiku ano akumapita kawirikawiri kumaofesi a m'tauni kumene mayi ake amakolopa. Inu a mu ofesi, sabata ino mwawalankhula bwanji mayi okolopa?