Giranola wa a Sizasi

Azakhali anga ndi telala. Mumsewu mwathu amawatcha a Sizasi, osati chifukwa cha ntchito yokha, koma lilime lawo: likagwira munthu limadula mowongoka. Kuyambira kale, m'dilowa ya makina awo munkakhala ulusi, singano ndi chokoleti cholumaluma.

Atawapeza ndi matenda a shuga, nyumba inasanduka ndende. Mwana wawo, amene amagwira ntchito kutali, analamula mkazi wake kuti aziwayang'anira. Mpongoziyo, munthu wabwino koma wamantha, anasesa chilichonse chotsekemera n'kuyamba kuwapatsa kabichi wowiritsa m'mawa ndi madzulo omwe.

"Amayi, ndikufuna mukhale ndi moyo," ankatero.

"Moyo wake uti? Adokotala anati ndichepetse shuga. Sananene kuti ndisanduke mbuzi."

Kasitomala wina ndiye anawauza za giranola, chakudya cham'mawa cha mbewu ya otsi yowotcha ndi mtedza. Wa m'sitolo anali shuga yekhayekha, choncho anaganiza zopanga wawo. Anagula otsi, ufa wa koko wopanda shuga, mtedza, chitowe ndi nthanga za maungu. Anasakaniza ndi timafuta, n'kuika mu uvuni, iwo n'kubwerera pamakina. Vuto la koko n'lakuti ndi wakuda kale, suona kuti wapserera. Utsi unadzaza nyumba mpaka kulowa m'diresi la mkwatibwi lomwe linali pakhoma. Analichapa, koma mwini wake anakakwatiwabe akununkhira keke.

Mpongozi anaimbira mwamuna wake, n'kuwapatsa azakhali foni.

"Amayi, mukufuna kudzipha kodi?"

"Iwe, anakusiyitsa bere ndine. Usandiphunzitse kudya."

Ulendo wotsatira anathiramo uchi. Anakoma kwabasi, koma atabaya chala, kachipangizo koyezera shuga kanawatsutsa poyera. Sanapepese kwa aliyense. Anangondipatsa botolo la uchilo kuti ndipite nalo kwathu. Kenaka anayamba kuthira choyera cha dzira kuti zigwirane timibulu, ndi sinamoni wonyengerera lilime. Moto anachepetsa, n'kumatakasa atakhala pampando pafupi ndi uvuni, nsalu yopinda ili pamwendo.

Tsiku la sikelo yawo ya shuga ananyamula botolo lonse la giranola n'kukaliika patebulo la namwino. Namwino anafunsa zimene zinalimo, analawa, n'kunena kuti otsi nayenso amakweza shuga. Azidya kakapu kakang'ono, ndi yogati yosatsekemera, ndipo mankhwala asasiye. Anakangana kwa nthawi ndithu za kukula kwa kapuyo. Apo pokha azakhali anagonja.

Anthu a pamzere anamva mkanganowo. Wowotcherera zitsulo wina wodwala BP anapempha wopanda mchere. Mphunzitsi wina anati mwana wake amatupa akadya mtedza, ndiye azakhali anamupangira wa nthanga za mpendadzuwa, m'chiwaya chake chapadera chimene salola munthu kuchikhudza. Mpongozi uja tsopano ndi amene amakazinga chitowe, ngakhale amayang'anitsitsabe mbale ya apongozi ake.

Matendawo sanathe. Maso ayamba kuchita chifunga, ndipo kulowetsa ulusi m'singano kumawatengera nthawi. Mwezi wathawu mwana wawo anabwera ndi galimoto kudzawatenga kuti asiye kusoka, akakhale kwa iye azikapuma. Anamumvetsera mpaka kumaliza, akupondabe makina.

"Ndili ndi mayunifolomu a sukulu yonse, ndipo wazitsulo akubwera Loweruka kudzatenga giranola wake," anatero. "Suntha, ukunditchinga kuwala."