Khasu la Atate Linatsala ku Sekondale

Lelo ndagwila mpini wa khasu pamsika wa Nyimba, mtima n'kubwelela kutali.

Sekondale yakale ya ku boma inali ndi lamulo lake chiyambile: wophunzila watsopano aliyense abwele ndi khasu. Kwathu ku Ndake linalipo limodzi lokha, limene atate anawoloka nalo malile pothawa nkhondo ku Mozambiki. Inali Januwale, udzu utakula m'chimanga.

Aphunzitsi analilandila n'kuliika m'chipinda chonunkha dzimbili, pamulu wa makasu amene ophunzila akale anasiya.

"Atate, nanga mukapalila ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Manja ndili nawo. Iwe lowa."

Ndinaima pageti kuwayang'ana akupita, phewa lawo lamanja litapendekeka ngati khasulo likadali pomwepo.